Maliro a Mwana Wamoyo pa Msewu wa ku Sinda

Kwathu kuno kuyenda pansi si nkhani. Timayenda kupita kuchigayo, kuchipatala, kumunda ndi kumaliro, ndipo palibe amene anatiomberapo m'manja. Ndiye tsiku limene abusa analengeza m'tchalitchi kuti kukubwera anthu a bungwe lina la ku Lusaka kudzayenda nafe pamsewu, ndipo kuti kuyendako kudzabala ndalama, ine ndinayang'ana zidendene zong'aluka za amayi amene ndinakhala nawo pabenchi. Ndinati mumtima, ngati zimenezi n'zoona, mpingo wathu ndi wa anthu olemera amene sakudzidziwa.

Anatifotokozera mmene zimakhalira. Anthu a ndalama amalonjeza kupereka, ife osauka n'kuyenda, ndalamazo n'kupita kwa madokotala amene akufufuza matenda osowa a ana, aja amene amagwira mwana mmodzi pa chigulu cha ana ndipo kuchipatala chaching'ono sawadziwa n'komwe. Chifukwa chimene olemerawo sangangoperekera ndalamazo ife titakhala pansi, sanatiuze. Ine ndimaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale kufupi ndi Katete, ndipo mphunzitsi safunsidwa ngati akufuna kulowa m'komiti. Anangondiuza kuti ndidzakhala womasulira, poti ndimadziwa Chingerezi.

Ndikanazemba ndithu, ndili ndi luso la kudwala mutu pa masiku otere. Koma panali nkhani ya mng'ono wanga.

Mng'ono wangayo anakwatiwa chitengwa m'mudzi wina wa kufupi ndi Sinda, kamtunda pang'ono kuchoka pamsewu waukulu. Mwana wake woyamba, wamkazi, anayenda pa nthawi yake ngati mwana aliyense. Atafika zaka zitatu anayamba kugwa popanda chomupunthwitsa. Kenako miyendo inayamba kuonda, akafuna kuimirira ankayamba wagwira mawondo, ndipo pofika zaka zisanu kuyenda kunatheratu, n'kuwonjezerapo chifuwa chosamva mankhwala. Mutu wokha unali wakuthwa, kuyankhula ngati munthu wamkulu. Mayi wake anamubereka kupita naye kuchipatala chapafupi, kenako ku Chipata, mpaka ku Lusaka, kumene ndinawaperekeza. Kumeneko dokotala wina wamkazi anatipatsa pepala lokhala ndi dzina la matendawo, dzina loti ngakhale ine mphunzitsi ndinkapumira pakati poliwerenga. Anati matendawo mwana amabadwa nawo, ndipo amachokera ku magazi a makolo onse awiri.

Kumudzi kwa mwamuna wake sanafunikire Lusaka. Apongozi a mng'ono wanga, mayi wamasiye wa mawu olemera pamudzi ponse, anali atapima kale ndi maso ndipo zotsatira zinatuluka tsiku lomwelo: mwanayo anadulidwa. Mdulo, monga tonse tinauzidwira, umagwira mwana ngati kholo layenda njira zachigololo mwana akadali wakhanda, n'kubwera kudzamugwira kapena kuthira mchere m'ndiwo. Mankhwala ake alipo, koma amagwira pokhapokha wolakwayo ataulula. Lamulolo limanena za makolo onse awiri. Koma mlamu wanga, amene amatha milungu itatu ali ku Vubwi akuti akugula soya ndi nsawawa za m'malire, palibe anamufunsapo kumene amagona. Maso onse anali pa mkazi amene ulendo wake wautali unali wa kuchitsime.

Pepala la ku Lusaka lija apongozi analigwira mozondotsa n'kulibweza. Anati pepala limavomera chilichonse chimene walembapo. Ine nditayesa kufotokoza, anati m'bale wake wa wakuba sanganene kuti mbuzi inabedwa. Kuchitsime akazi anasiya kumupatsira mng'ono wanga ana awo kuti awanyamule. Ndipo zinali zitamveka kuti chimanga chikangolowa m'nkhokwe, ankhoswe akhala pansi, ndipo akapanda kuulula amubweza kwathu ndi dzina la mkazi wachigololo amene analumalitsa mwana wake. Mwamuna wake pa zonsezi ankangoti tiona, n'kupopa njinga.

Atamva kuti dokotala yemwe uja adzabwera kudzayankhula pamapeto pa ulendowo, mng'ono wanga anabwera kunyumba kwanga mwana ali kumsana.

"Asisi," anatero, "inu sakukumverani chifukwa ndinu m'bale wanga. Koma akanena okha adokotala, pa sipika, anthu onse akumva, apongozi sangakane."

Mayi wa ku Lusaka amene ankayendetsa zonse, wa magalasi akuda ndi mafoni awiri, anali akufunafuna mwana wodwala woti akhale kutsogolo chifukwa cha zithunzi. Mng'ono wanga anavomera msanga. Vuto linali limodzi: apongozi anakana kubwera. Anati iwo sanataye kanthu pamsewu koti akakafunefune.

Tsikulo linali Loweruka la m'nyengo yozizira, mphepo ikuomba fumbi. Tinasonkhana pa sukulu ina ya m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo tinayenera kukathera pa bwalo la mpira kufupi ndi Sinda. Anatiuza kuti tinyamuka dzuwa likangotuluka. Mlendo wolemekezeka anafika dzuwa litakwera kale, anadula kansalu ndi sizasi, anayenda nafe mpaka pamene wojambula anatsitsa kamera, n'kubwerera m'galimoto yake kuti akatidikire kutsogolo. Tinamuombera m'manja chifukwa cha kudzipereka kwake.

Matisheti achikasu amene anatilonjeza anabwera ochepa. Anathera kwa a komiti, ogwira ntchito ku boma, akazi awo ndi mlamu wake wa woyendetsa pikapu ya bungwe lija. Amayi a chigwirizano, amene ndiwo anali gulu lenileni, anauzidwa kuti angovala yunifolomu yawo ya kutchalitchi: bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku. Anthu a ku boma anabwera ndi nsapato zatsopano zothamangira ndi mabotolo a madzi, ena akudziongola miyendo ngati akupita ku nkhondo. Mtunda wake unali womwe amayi aja amayenda ndi thumba la chimanga pamutu asanadye kanthu.

Tisananyamuke, panabuka nkhani ya magalimoto. Malole a pamsewu umenewu sadziwa kuti kafukufuku n'chiyani, amangodutsa ndi liwiro lawo. Mkulu wina wa mpingo, bambo wa nzeru zofulumira, anati nkhani yaing'ono imeneyo. Anatuma amuna awiri a njinga kuti atsogole, azithyola nthambi za mitengo n'kumaziika pamsewu kuti oyendetsa azichepetsa liwiro. Tsono aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti nthambi pamsewu zimanena zinthu ziwiri zokha: lole yafa, kapena munthu wafa. Tonse tinabadwira kuno. Koma mayi wa ku Lusaka anaomba m'manja n'kunena kuti imeneyo ndiyo nzeru ya kumudzi imene iye amaikonda, ndipo palibe anafuna kuoneka wotsutsa mlendo.

Tinanyamuka. Kutsogolo kunali mng'ono wanga, mwana kumsana, ine pambali pake. Pambuyo pathu amayi a yunifolomu m'mizere iwiri, kenako achikasu aja, ndipo kumapeto pikapu yonyamula madzi ndi zokuzira mawu ikukwawa pang'onopang'ono, nyali zikuphethira. Nsalu yaikulu yolembedwa cholinga cha ulendo inatikana chifukwa cha mphepo, tinaipinda n'kuiponya m'pikapu. Nyimbo za pa sipika zinalira pang'ono n'kuzima, akuti asunge batire ya zoyankhula. Amayi a chigwirizano sangayende chete, ndiye mmodzi anayambitsa nyimbo, ena n'kulandira. Nyimbo zimene amayi athu amadziwa kuimba akuyenda pang'onopang'ono m'mizere iwiri ndi za njira imodzi yokha, ya kumanda.

Fumbi litachuluka, mng'ono wanga anafunditsa mwana chitenje kumutu chifukwa cha chifuwa chija. Mwanayo anagona. Timiyendo take toonda tinkangolendewera m'mbali.

Woyamba kukumana nafe anali bambo wa njinga ya makala. Anatsika, anavula chipewa n'kuima chowerama mpaka titadutsa. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda n'kukhala pansi. Minibasi ya ku Chipata inazimitsa wailesi n'kudutsa mwaulemu umene sindinauonepo pa minibasi chibadwire. Gogo wina wamwamuna anayandikira mtsikana amene ananyamula chidebe cha zopereka, anaponyamo makobidi ake n'kunena motsitsa kuti pepani, zonse ndi Mulungu. Ena anatsatira. Chidebe chimene makalata athu a mwezi wathunthu analephera kuchinyowetsa chinayamba kulemera.

Mayi wa ku Lusaka anandithamangira nkhope ikuwala.

"Ba ticha, onani sapoti! Anthu ba kuno bali na rispekti maningi. Ku Lusaka sibangacite so."

Apa n'kuti ine nditazindikira kale. Ndinayang'ana amayi a chigwirizano, ndipo ndinaona kuti ena a iwo azindikiranso, koma nyimbo ikayamba siimira pakati pa vesi. Ndinayang'ana mng'ono wanga. Iye maso anali kutsogolo, milomo ikuyenda, akubwereza mumtima zimene ankafuna kuti adokotala akanene. Ndinachita manyazi kuuza mlendo kuti tapanga maliro, ndipo ndinadzinamiza kuti tikafika pabwalo zonse zidziwika zokha.

Ndinaiwala kuti msewuwo umadutsa pa mphambano ya kumudzi kwa apongozi aja. Pamphambanopo panali mayi wina wa m'mudzimo atasenza nkhuni. Anaona nthambi, anaona yunifolomu, anaona mng'ono wanga ndi mtolo wofundidwa kumsana, miyendo ikulendewera. Nkhuni anazitaya pomwepo n'kuthamanga. Ndinamukuwira, koma mawu anga anamira m'nyimbo.

Kalata yoitanira anthu ku ulendowu inatenga milungu itatu kuti ifike m'mudzimo. Uthenga wa maliro unafika ndi kubwerako ife tisanamalize mtunda wotsala. Pamene tinkalowa pabwalo la mpira, pamene mlendo wolemekezeka anali atakhala kale mu tenti akupuma kutopa kwake, tinamva kulira kumbuyo kwathu. Mudzi wonse unali kubwera, amuna m'mbuyo manja kumsana, akazi patsogolo manja kumutu. Pakati pawo panali apongozi, opanda nsapato, atamanga nsalu pamimba monga amachitira ofedwa, akazi awiri atawagwira m'mikono.

Kulira kwa maliro kwathu kuno kumakhala ndi mawu, ndipo mawuwo amakhala ndi mwini wake. Apongozi ankalira mdzukulu wawo, komanso ankalira kuti ananena iwo, ananena kuti aulule mwana apeze mankhwala, taonani tsopano wamupha ndi kuuma mtima, ndipo wamutengera kwa alendo osauza ngakhale eni mbumba. Anthu a ku boma anasiya kumwa madzi awo. Mayi wa ku Lusaka anandifunsa ngati amenewa ndi gulu la zisudzo limene analonjezedwa.

Apongozi anafika pa mng'ono wanga n'kukoka chitenje chija. Mwana anadzidzimuka, anatikita m'maso, anawayang'ana.

"Agogo, mwandibweretsera chiyani?"

Sindinaonepo kulira kukuzima motero. A kutsogolo anatseka pakamwa nthawi yomweyo, a kumbuyo amene sanaone anapitiriza pang'ono mpaka anzawo atawagwedeza. Kulira munthu wamoyo ndi malaulo, ndipo aliyense ankafuna woti amuloze chala. Apongozi anafunsa kuti anaika nthambi pamsewu ndani. Mkulu wa mpingo uja anapezeka ali kalikiliki kumanga chingwe cha tenti chimene chinali chomanga kale.

Mng'ono wanga sanalire, ngakhale mawu aja a m'maliro anawamva onse. Anangondikoka dzanja.

"Asisi, abwera. Abwera onse."

Zinali zoona. Anthu amene anakana kubwera ataitanidwa ndi kalata anali atakhala pansi pabwalo, chifukwa munthu amene wathamanga mtunda wonsewo akulira sangangotembenuka n'kubwerera.

Zoyankhula zinayamba, ine ndikumasulira. Mlendo wolemekezeka anathokoza onse amene anali mu tenti mmodzimmodzi ndi maudindo awo, n'kutikumbutsa kuti kuyenda pansi n'kwabwino ku thanzi ndipo tiziyesako kawirikawiri. Ndinamasulira ndi nkhope yowongoka, amayi a chigwirizano n'kuvomera kuti amen. Pomaliza anaimirira dokotala uja. Iye ndi wa chigawo china, Chinyanja amangomva pang'ono. Anayankhula bwino za kufunika kwa kafukufuku, anathokoza opereka, n'kuyamba kupinda pepala lake. Za mdulo sanatchule, poti sankadziwa n'komwe kuti kuli mlandu.

Mng'ono wanga anaimirira pakati pa anthu, anayenda mpaka kutsogolo kwa tenti n'kugwada, mwana ali kumsana. Munthu amene sanayankhulepo pa gulu chibadwire.

"Asisi, afunseni adokotala. Anene pa sipika. Mwana uyu ndinamudula ndine?"

Ndinafotokozera dokotala tanthauzo la funsolo, ndi zimene zinkadikira mng'ono wanga chimanga chikalowa m'nkhokwe. Dokotalayo anavula magalasi ake. Anamuzindikira mwanayo, anamutchula ndi dzina. Kenako anayankha pang'onopang'ono, chiganizo chimodzi chimodzi, kuti ndisaphonye kanthu. Anati matendawa sabwera ndi mchere, sabwera ndi chigololo, sabwera ndi chilichonse chimene mayi anachita kapena kulephera kuchita. Mwana amabadwa nawo. Mbewu yake imakhala yobisika m'magazi a anthu athanzi, ndipo imaphuka pokhapokha ya bambo ikakumana ndi ya mayi. Ikanakhala mbali imodzi yokha, mwanayu akanakhala akuthamanga.

Ndikuvomera kuti ndinamasulira mokoma kuposa mmene ananenera. Pa mawu akuti magazi a bambo ndinakweza mawu, n'kuwabwereza kawiri, nditayang'ana kumene kunakhala anthu a m'mudzi muja. Ndinawonjezeranso zanga, kuti bamboyo mbewuyo sanaigule ku Vubwi, anaitenga kwa amene anamubereka. Panamveka kung'ung'udza. Akazi a kuchitsime aja anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. Mtima wanga unkavina, ndinali nditadikira chaka chathunthu kuti ndiwaone atatero.

Apongozi sanakangane. Anakhala pansi pa fumbi, miyendo atatambasula, nsalu ija ikadali pamimba. Atayankhula, mawu awo anali aang'ono, osati aja a pamudzi.

"Tamva, aphunzitsi. Poti adziwa kumene achokera matendawa, tafunsani. Mankhwala ake ndi ati? Mwanayu ayenda liti?"

Funso limenelo ine ndi mng'ono wanga tinali tisanalifunsepo. Tinafika mpaka ku Lusaka, tinafunsa za chakudya, za chifuwa, za tsiku lobweranso, koma limeneli tinkalizungulira, aliyense akudikira mnzake. Dokotala sanadikire kuti ndimasulire, analimva. Anandiyang'ana ngati akupempha chilolezo, ndipo ine ndinalibe chilolezo choti ndimupatse kapena kumumana. Anayankha motsitsa. Anati sanganame pamaso pa mayi wa mwana. Mankhwala ochiza kumene ife tingafike kulibe. Angathandize chifuwa, angapeze kampando ka matayala, angaphunzitse mayi kuongola miyendo kuti isaume. Koma kuyenda, mwanayu sadzayendanso. Kafukufuku amene tayendera lero mwina adzathandiza ana amene sanabadwe.

Amene amamva Chingerezi mu tenti anaweramitsa mitu. Ena onse pabwalo ankayang'ana pakamwa panga, ndipo mng'ono wanga anali akadagwada patsogolo panga. Ndinalakalaka batire ija itatha. Sinathe. Ndinanena zonse, m'chinenero chathu, ndi pakamwa pomwe paja pamene pankakoma posachedwapa, ndipo mawu anga anamveka mpaka kumsewu. Mwana yekha ndiye sankamvetsera, ankaseweretsa ndolo ya amake.

Palibe analira. Anthu anali atalira kale pa nthawi yolakwika, ndipo tsopano ankachita manyazi kuyambiranso. Mayi wa ku Lusaka anapukuta m'maso pansi pa magalasi ake akuda, kenako anatipempha kuti tiime pamodzi tijambulitse, poti pulogalamu inali isanathe.

Magalimoto atanyamula eni matisheti, ife tinabwerera wapansi monga mwa masiku onse. Apongozi anamasula nsalu ya pamimba ija, anaikutumula fumbi, n'kuuza mng'ono wanga kuti amutsitse mwana. Anamubereka okha ndi nsalu yomweyo n'kutsogola, osapepesa, osayang'ana munthu. Kwa mayi ngati amene uja, kumeneko ndiye kupepesa, ndipo mudzi wonse unaona. Za ankhoswe sizinamvekenso.

Ine ndi mng'ono wanga tinatsalira m'mbuyo. Ankayenda mopepuka modabwitsa, manja akusowa chogwira. Ndinkafuna kumuuza kuti wapambana, dzina lake layera, kuchitsime adzamupatsiranso ana. Ndinayamba kunena, koma anandidula.

"Asisi, ndinkafuna anene kuti sindine. Anena."

Tinayenda pang'ono. Kutsogolo mwana ankalozera agogo ake ng'ombe, akuwauza kuti ayende msanga.

"Koma ukanakhala mdulo," anatero, "ndikanaulula lero lomwe, ngakhale zimene sindinachite. Mdulo uli ndi mankhwala."